Mowa Unali Kale Pamoto

Ku Salford ndinkagwira ntchito yochapa nsalu za m'zipatala. Inali fakitale yaikulu kuseri kwa njanji, yamakina aatali ngati basi. Ine ndinkaima kumapeto kwa makina ositira, kulandira nsalu zoyala pabedi zikutuluka zotentha, n'kumazipinda tsiku lonse mpaka zala kuuma. Phokoso lake munthu ankalankhula ndi manja. Foni sankalola kulowa nayo. Tinkaisiya mu loka, kakabati kokiya, m'mawa, n'kukaiona pa nthawi yopuma.

Ndinapita kumeneko ndi banja la nesi wina wa kwathu ku Ntcheu, kukawalerera ana. Anawo atakula n'kuyamba kundiyankha m'Chingerezi, mayi awo anandipezera ntchito ya kufakitaleyo ndi kachipinda m'nyumba yokhala anthu ambiri, momwe aliyense ankalemba dzina lake pa botolo la mafuta ophikira. Sindinavutike ndi kukhala ndekha. Ndinakula ndili wosalankhulalankhula.

Ndinaleredwa ndi agogo, mayi awo a mayi anga. Kwathu ndi m'malire, kumene msewu ndiwo umagawa Malawi ndi Mozambiki, koma ndinabadwira kutsidya, mtunda wa masiku awiri wapansi. Pa nkhondo yoyamba ija, ndili wakhanda, bambo ndi mayi anaphedwa tsiku limodzi ali kumunda. Agogo anawaika mothamanga pansi pa mtengo wa msuku, n'kuunjikapo miyala. Anandibereka kumbuyo, nagwira dzanja mwana wawo wotsala, malume Fabiyano, n'kuwoloka. Za ulendowo sanandifotokozerepo. Ankagulitsa kachewere pamsewu, ndipo mawu awo pa tsiku munthu ukanatha kuwasunga m'dzanja limodzi. Zomwe ndinkadziwa ndinkaziona ndi maso. Kuseri kwa chitseko kunkapachikidwa kampukutu ka chitenje, komangamo mchere ndi machesi. Mchere ukanyowa ankausintha, koma kampukutuko sikankachoka.

Chinthu chimodzi chokha ndicho agogo anandipemphapo ndili kunja: chiliza cha makolo anga. Anati mwana wawo wagona pansi pa miyala ngati munthu wopanda abale. Ndinatumiza zofunika. Malume anagula simenti n'kuisanjika pamatabwa m'nyumba mwawo. Tikukonzekera choncho, kutsidya mfuti zinayambanso kulira. Zigawenga zinabwerera kutchire, asilikali a boma n'kumazisaka m'midzi, ndipo anthu anayambanso kuwoloka malire ndi mitolo pamutu.

Simentiyo inadikira. Malume ankadandaula kuti mvula ikaipeza m'nyumba iuma n'kusanduka mwala.

Kenaka kunamveka kuti kwabwera amkhalapakati ochokera kunja, kuti akhazike boma ndi zigawengazo pa tebulo limodzi ku likulu la dzikolo. Kuyambira pamenepo, foni yanga ya Lamlungu masana inasintha. Ndinkaimba pa nambala ya malume, ndipo asanandifunse n'komwe za thupi ankayamba ndi funso lawo.

"A ku Mangalande, zokambirana zija zili pati?"

"Malume, inu ndi amene muli pafupi. Ine ndidziwa bwanji?"

"Pafupi ndi mfuti, eya. Koma amkhalapakatiwo si azungu akwanuko? Nkhani imayambira kumeneko, kuno imafika itatha mchere."

Ankaseka, koma ankakhulupirira zimenezo. Agogo nawonso. Iwo foni ankaigwira patsogolo pa kamwa ngati akupemerera moto, n'kufuula kuti, "Mwanawe, ukamva kuti agwirizana, utiuze. Tikudikira iwe."

Motero ndinayamba kutsatira zokambiranazo ngati odwala amene ndikuwadikirira. Pa nthawi yopuma anzanga akamadya masangweji, ine ndinkakhala pakona n'kumawerenga pa foni. Lero akuti akumana. Mawa akuti mbali ina yatuluka m'chipinda. Mkucha akuti mtsogoleri wa zigawenga walankhula pa foni ali kuphiri kumene anabisala. Mawu ambiri sindinkawamvetsa, koma ndinkayang'anitsitsa nkhope za pa zithunzi, kuona ngati akumwetulira ndi mano okha kapena ndi maso omwe.

Amene anazindikira zomwe ndinkachita anali Papa Didier, bambo wachikulire wa ku Congo amene ankakankha matirole, tingolo todzaza nsalu zakuda, kuloza ku makina ochapira. Tinkalankhulana Chingerezi chothyokathyoka. Tsiku lina anasuzumira pa foni yanga n'kupukusa mutu.

"Kwanu?"

"Pafupi ndi kwathu."

"Kwathu akhala pa matebulo otere kambirimbiri. Mlongo wanga, akuluakulu akakhala mu hotela, a kutchire ndi pamene amawombera kwambiri. Amafuna kuti munthu wawo wa pa tebuloyo alemere."

Ndinagwedeza mutu, koma mumtima ndinati amenewo ndi mavuto a kwawo.

Lamlungu tinkakumana Amalawi mu holo ina yobwereka, kupemphera kenaka kumwa tiyi. Kunkabwera achimwene ena, a Kondwani, ogwira ntchito mu ofesi ku Leeds. Iwo sukulu yawo ya ukachenjede inali ya zomwezi, za nkhondo ndi kuyanjanitsa mayiko, ndipo akayamba kufotokoza, ngakhale manesi otopa ndi mashifiti ankasiya makapu n'kumvetsera. Lamlungu lina ndinawapeza atazunguliridwa, akuonetsa chithunzi pa foni: amuna a masuti akugwirana chanza.

Ndinadikira anthu atachepa, n'kuwayandikira.

"Achimwene, pepani. Zimenezi zikutanthauza kuti agwirizana?"

"Sisi, it's a done deal. Mfundo zikuluzikulu zonse amvana. Kwangotsala kusaina basi."

"Ndiye munthu atha kudutsa kupita kumudzi kutsidyako?"

"Panopa? Maso a dziko lonse ali pamenepo. Angawombe mfuti ndani? Amene angayambe waluza zonse. Trust me, iyi ndi field yanga."

Ndikanafunsa kuti kusainako ndi liti. Sindinafunse. Ndine munthu woti funso lachitatu limandikanika, makamaka kwa wophunzira. Ndinathokoza, n'kutuluka, n'kuimba foni ndili pa siteji ya basi.

"Malume, akuti agwirizana."

Ndinamva akuitana, "Amayi! Amayi, bwerani!" Kenaka kupuma kwa agogo pa foni.

"Wamva ndi makutu ako?"

"Ndaona chithunzi, agogo. Agwirana chanza."

"Chabwino."

Mawu oti kwatsala kusaina ndinawasiya pa siteji ya basi pomwepo. Sindinawabise dala. Ndinangoona ngati ndi kanthu kakang'ono, ndipo ndinkafuna kuti kamodzi kokha ndiwauze agogo chinthu chosangalatsa.

Lachitatu pa nthawi yopuma ndinatsegula loka n'kupeza nkhani yasintha. Wolankhulira boma anati zimene zinalengezedwa zija anthu sanazimve bwino. A zigawenga anati boma labweza mawu. Pansi pake panali chithunzi cha galimoto yonyamula katundu ikufuka pamsewu. Papa Didier anaona nkhope yanga. Anangonditsegulira chitseko cha kumbuyo kuti ndikaimbire panja.

Kunja kunkagwa kamvula kawo kaja kosatha. Ndinaima pakati pa magalimoto.

"Malume, musapite. Ndinalakwitsa. Sanagwirizane."



"Iwe, mowa uli kale pamoto."

Anandifotokozera. Lolemba m'mamawa agogo anatuma munthu wa njinga ndi thumba la chimera kwa abale athu otsala kumudzi wakale. Chimera chinali chokonza kale, chikungodikira mawu. Amayi a kumeneko anatereka migolo tsiku lomwelo. Abale a m'midzi yozungulira anauzidwa kuti chiliza ndi Loweruka. Amisiri anali atanyamuka kale ndi simenti pa ngolo.

"Apatseni agogo foni."

"Mwanawe."

"Agogo, kutsidya sikuli bwino. Dikirani pang'ono. Mowa tidzafulula wina."

"Unati agwirizana."

"Ndinalakwitsa, agogo."

"Ukalakwitsa iwe, akufa alakwa chiyani? Chimera chija ponyika ndinatchula maina a amako ndi abambo ako. Awuzidwa. Munthu umamuitana, akafika pakhomo n'kumutsekera?"

"Koma mfuti, agogo."

"Mowa wa akufa sautsitsa pamoto. Sautaya, saugulitsa. Ukasasa ndimwetsa ndani?"

Ndinkaudziwa mwambowo. Masese ali ndi masiku ake, ndipo akafika pa tsiku lake sadikira munthu. Ndinkadziwanso kuti agogo akanena kawiri, kachitatu sanena. Ndinapempha malume kuti iwo okha atsale.

"Ndiwasiye amayi apite okha? Anthu adzandiyesa chiyani?" Kenaka anayesa kundiseketsa. "Komanso zigawenga zifuna chiyani kwa ine? Mimba iyi? Usadandaule, a ku Mangalande. Kuseri kwa mudzi kuli kaphiri kogwira netiweki ya kuno. Loweruka tikangotsiriza ndikwera, ndikuflasha."

Belu la kufakitale linalira. Ndinabwerera ku makina.

Loweruka limenelo ndinali pa shifiti. Ndinaphwanya lamulo koyamba: foni ndinaibisa mu sokosi, kuti ikanjenjemera ndiimve. Koma m'fakitale muja chilichonse chimanjenjemera. Pansi pamanjenjemera, zitsulo zimanjenjemera. Kangapo konse ndinawerama ngati ndikumanga nsapato, n'kupeza palibe waimba. Nsalu zinaunjikana kumapeto kwa makina mpaka kapitawo anabwera kudzandifunsa ngati ndikudwala. Ndinati ayi.

Dzuwa la kwathu linalowa ine ndikupindabe. Foni sinalire.

Lamlungu ndinaimba nambala ya malume, sinkapezeka. Ndinaimbira akazi awo a malume, anaNgozo, amene anatsala pakhomo ndi Lusiya, mwana wawo woyamba, ndi ana enawo. Anati nawonso akungoyang'ana kunjira. Ndinapita ku holo kuja chifukwa m'chipinda simunkakhalika. A Kondwani analipo, akufotokozera anthu chifukwa chake zinthu zinasokonekera, ndi mawu amphamvu omwe aja. Atandiona anati, "Sisi, these things are fluid. Koma abwerera pa tebulo, muona." Sankadziwa kuti pali anthu amene anayenda pa mawu awo, ndipo ine sindinawauze. Amene ananyamula mawuwo kukawatula kumudzi ndinali ine.

Lachitatu, pa nthawi yopuma, ndinapeza anaNgozo aimba kasanu. Nditawaimbira sanandipatse moni.

"Apongozi afika. Abwera wapansi ndi amisiri. Abambo a Lusiya sanabwere."

Zimene zinachitika ndinazimva pang'onopang'ono, zina kwa anaNgozo, zina kwa mmisiri wina amene ndinamuchonderera pa foni. Chiliza chinamangidwa bwino. Loweruka anthu anasonkhana, anapemphera, anathira mowa pang'ono pansi, n'kuyamba kumwa. Dzuwa lili pamutu kunatulukira amuna a mfuti kuchokera kumunsi kwa dambo. Ena anavala malaya a usilikali, ena majuzi wamba, wina anali ndi patapata. Sanakalipe. Anapereka moni mwaulemu, anavula zipewa pamanda, wina n'kuwerenga maina a makolo anga mokweza. Pa chiliza wodutsa samumana mowa, choncho anawapatsa chipanda, iwo n'kukhala pansi. Anthu anapitiriza kuyimba chifukwa palibe amene ankafuna kukhala woyamba kusiya.

Atamwa anapempha ufa ndi mbuzi imodzi. Kenaka anati katunduyo ndi wolemera, akufuna owathandiza kunyamula mpaka kuseri kwa phiri. Analoza amuna atatu. Wachitatu anali malume. Amfutiwo anati atatuwo madzulo abwerako.

Agogo anadikira pamandapo mpaka Lolemba. Amuna awiri aja anabwera patapita masabata, miyendo itatupa. Anati malume anaperekedwa ku gulu lina lopita kutali, chifukwa anali amphamvu. Kaya anthuwo anali zigawenga kaya asilikali, palibe amene anatsimikiza. Nditawafunsa agogo pa foni, anangoti, "Wina anali msinkhu wako."

Sanandidzudzule, tsiku limenelo ngakhale lina lililonse. Koma funso la zokambirana sanandifunsenso.

Ndinakhala ku Salford zaka zina zingapo. Ku holo ndinasiya kupita. Zokambirana zinatha, amkhalapakati anapakira zikwama n'kubwerera kwawo, kenaka zinayambiranso ndi anthu ena. Kunabwera pangano losiya kaye kuwomberana, n'kumaliwonjezera masiku. Ndinkawerengabe zonse, koma tsopano ndinkafufuza mawu amodzi okha: za anthu amene anatengedwa m'midzi. Sindinawapeze. Papa Didier anayamba kudya pa tebulo langa. Sitinkalankhula zambiri. Nthawi zina ankandikankhira theka la chinangwa chake chophika, chimene ankachigula ku shopu ya anthu a kwawo.

Tsiku limene anasainadi, akuluakulu awiri akukumbatirana pamaso pa alendo, ndinamuonetsa pa foni. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Tsopano ayamba kuwerenga mfuti," anatero. "Mfuti amaziwerenga bwino kwambiri."

Chaka chimenecho ndinabwerera kumudzi. Msana unali utayamba kukana, ndipo agogo pa foni mawu awo ankamveka ngati akuchokera m'chitsime.

Ndinatsika basi pamsewu wa m'malire uja. Amayi a kachewere anali pomwepo, koma pa malo a agogo panakhala munthu wina. Agogo ndinawapeza pakhonde atachepa ngati mwana. Anandigwira nkhope ndi manja awiri n'kunena kuti ndayera. Ana a malume, amene ndinawasiya akukwawa, anaima patali n'kumanong'onezana kuti anti a ku UK. AnaNgozo anandipatsa moni wa nsonga za zala.

Ndinamva kwa anthu kuti mayiyo, mtendere utabwera, ankawoloka malire kupita kumene amuna a kutchire ankasonkhana kukapereka mfuti. Ankaima kunja kwa mpanda kuyang'ana nkhope imodziimodzi. Anapita malo atatu. Kwina anamuuza kuti munthu wonga ameneyo anamuona akudwala m'mimba pamsasa wina. Kwina anati sanamvepo dzinalo.

Patangopita sabata ndifikire, abale anaitanitsa msonkhano pakhomo pa agogo. Anautsogolera a Zuze, msuweni wa malume. Anati nkhani ndi yodziwika. Munthu wapita zaka, a kutchire onse atuluka, iye sanatuluke. AnaNgozo sali pabanja, salinso wamasiye, ndipo sangasudzulidwe kuti aone zina popanda maliro. Ana akukula osadziwa koloza manda a bambo awo. Mwambo ulipo: thupi likasowa, amadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwa munthuyo. Koma thunthulo likadulidwa, ndiye kuti banja lanena kuti munthuyo wafa.

"Okumba manda akungodikira mawu," anatero a Zuze. "Anene ndani?"

Agogo ankayang'ana pansi. Kenaka anaNgozo analankhula, osandiyang'ana.

"Funsani a ku Mangalande. Ndiwo amadziwa tsiku labwino."

"Alamu, ayi," anatero a Zuze.

"Ndalakwa? Si ndiwo amamva nkhani zisanafike kuno? Atiuze. Mapepala amene anasaina aja, abambo a Lusiya alembedwamo pa tsamba liti?"

Maso onse anabwera kwa ine. Ndinaona kuti ena sankanyoza ayi. Ankadikiradi kuti mwina ndili ndi chimene ndinamva kunja kuja.

"Mulibemo," ndinatero. "Ndinawerenga zonse zimene ndinapeza. Za anthu otengedwa mulibemo. Kaya malume ali moyo kaya anafa, ine sindikudziwa. Musayendenso pa mawu anga."

AnaNgozo anaphimba nkhope ndi chitenje. Sanalire mokweza. Msonkhano unabalalika popanda chomanga, a Zuze akunena kuti tidzakumananso.

M'mawa mwake ndikusesa pabwalo ndinamva kugogoda kumunsi kwa dimba. Kunali kugogoda kofooka, kodukizadukiza. Ndinasiya tsache n'kutsetsereka. Ndinapeza agogo atagwada pa phata la nthochi, chikwanje chili m'manja onse awiri. Anasankha thunthu lalikulu, lonenepa. Ankatema kamodzi, kupuma, kutemanso. Madzi a nthochiyo anali atawanyowetsa mikono.

"Agogo, ndipatseni."

"Leka. Ndinamubala ndine."

Ndinaima pambali. Nditacheuka ndinaona anaNgozo ataima kumtunda kwa dimba ndi ndowa pamutu. Ankaona zonse. Ndinadikira kuti afuule, kuti atiletse. Anatula ndowayo pansi, n'kukhala pa udzu.

Nthochi inapendekeka, masamba ake n'kukwapula pansi. Agogo anasadza masambawo, anayeza thunthulo ndi mikono yawo, n'kudula kumutu pamene anaona kuti pakwana. Anakhala kanthawi dzanja lili pamenepo. Kenaka anayesa kudzuka, ndinawagwira m'khwapa.

"Gwira kumiyendo uko," anatero. "N'kolemera."

Ndinagwira. Agogo kumutu kunawakanika kunyamula. Anayesa kawiri. Pamenepo anaNgozo anatsika, anawasuntha apongozi awo pang'onopang'ono, n'kugwira iwo. Sitinayang'anane. Tinakwera nalo chitunda kuloza kunyumba, agogo akubwera pambuyo pathu ndi chikwanje.